Mutu 6: Malata Pakamwa pa Chitsime

1. Madzi athawira pansi

Chaka chimenecho mvula inangonyambita nthaka n'kumapita. Pofika Okutobala, Chilobwe yense anali fumbi lokhalokha, ndipo madzi a pakiyosiki ankatuluka kamodzi pa masiku anayi, mwinanso osatuluka n'komwe. Amayi ankandanda ndi zigubu zachikasu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wofuna nkhani za m'deralo sankavutika ndi wailesi, ankangokaima pamzere wa zigubuwo.

Magdalene Chapepa, mtsikana wa Fomu 3, mzere umenewu ankangoudutsa. Kwawo kunali chitsime chawochawo kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda wa malata. Anachikumba ndi bambo ake, a Ignatius Chapepa, chaka chimene anabwera m'tauni kuchokera ku Nsanje kudzayamba ntchito yonyamula katundu ku Limbe. Chitsimecho ankachinyadira kuposa nyumba imene. "Ife akuchigwa sitigula madzi," ankatero, chifuwa chili patsogolo.

Koma mu Seputembala ndowa inayamba kubwera ndi matope. Kenako inabwera ndi fumbi.

Sichinali cha a Chapepa chokha chimene chinaphwa. Anthu ataona choncho anayamba kupikisana kukuza zitsime, uyu akatsika mamita awiri mnzake atsike atatu. Apa m'pamene komiti ya zamadzi ya m'deralo inaitanitsa msonkhano. Wapampando wake, mayi Fombe, mayi wamfupi wa mawu akulu, analankhula mosapsatira.

"Madzi a pansi pano ndi m'phika umodzi," anatero. "Inu mukatsika, mwaumitsa cha mnzanu, iyenso atsika, aumitsa chanu. Tithera kuti? Komanso taonani zimbudzi zathu mmene zayandikirana ndi zitsime. Kolera ija tinaika anthu angati? Kuyambira lero palibe wokumba kapena kukuza chitsime mpaka akatswiri a zamadzi adzayeze. Amene tim'peze, chitsime chake titseka ndi simenti."

A Chapepa anabwera kumsonkhanoko akufuka utsi. "Nanga aja a kuphiriku, obowola mijigo yamagetsi yomwe ikupopa usana wonse kuthirira kapinga, awatsekera ndani? Lamulo limangoona wosauka basi!" Pamenepo sananame kwenikweni. Koma chimene anachita ndi mkwiyo wawowo n'chimene chinalakwika: anayamba kukuza chitsime mobisa. Atatsika mita imodzi anakumana ndi mwala wouma gwa, piki n'kumangothetheka moto.

2. Chenjezo la a Zuze

Loweruka masana Magdalene anatumidwa kukabwereka nyundo yaikulu ndi tchizulo kwa a Chrispine Zuze. Mkuluyu makolo ake anachokera ku Mozambique, ndipo iye anakalambira pantchito yokumba zitsime mpaka msana unapindika.

"Ukanene kuti tikuswa miyala ya pakhonde," anam'langiza bambo ake.

Magdalene ananenadi zomwezo atagwada pakhonde la a Zuze. Mkuluyo sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana mapazi.

"Khonde lanulo lili pansi patali, eti?" anafunsa. "Dothi lotuwa lili kumasilipasi akoli silipezeka pamwamba, mwana wanga. Ine ndalidya dothi limeneli zaka makumi anayi. Bambo ako apeza mwala?"

Magdalene anakoka siketi n'kubisa mapazi.

"Usaope, ine si wa komiti. Koma ndiuze chimodzi. Mwalawo auwotcha?"

"Auwotcha m'mawa uno, agogo. Anaikapo makala ndi zidutswa za tayala."

"Nanga utsi sindinauone bwanji? Tayala likamapsa, Chilobwe yense amadziwa."

"Anavundikira ndi malata kuti anthu asaone."

A Zuze anaika pansi kapu ya thobwa imene inali m'manja mwawo. 

"Khala bwino, umve. Kuwotcha mwala si kulakwa, tonse timatero, mwala ukapsa umasweka msanga. Koma moto umadya mpweya wabwino wa pansi n'kusiya woipa. Woipawo ndi wolemera, sukwera wokha, umagona pansi ngati madzi. Suoneka ndi maso. Munthu amatsika ali bwinobwino, akuseka, kenako mutu uwawa pang'ono, miyendo ilefuka, basi wagona. Ndiye bambo ako auvundikiranso ndi malata ngati akufutsa nthochi!

"M'chilala cha 1992 tinali atatu ku Bangula, ine ndi akulu anga awiri. Tinawotcha mwala madzulo, m'mawa achimwene aakulu n'kutsika. Tinamva nyundo kawiri, kenako zii. Achimwene achiwiri anati, 'Akomoka ndi kutentha, ndikawanyamule.' Anatsika, nawonso zii. Ine ndinali nditaponda kale kakwerero koyamba pamene mayi wina wodzatunga madzi anandigwira lamba n'kundigwetsera chagada, n'kundikhalira pachifuwa. Ndinam'tukwana mayi ameneyo, ndinam'luma dzanja. Lero ndikumwa thobwa chifukwa cha iyeyo. Tinaika maliro awiri tsiku limodzi.

"Ndiye ukawauze bambo ako malamulo anga. Ukawotcha, chitsime chikhale chotsegula masiku atatu. Usanatsike, tsitsa kandulo yoyaka m'ndowa. Ikazima, iwenso uzima. Chingwe chizikhala m'khwapa nthawi zonse. Ndipo lalikulu ndi ili: wapansi akangoti zii, wapamwamba asatsike. Kaya ndi bambo ako, kaya ndi mwana wako, usatsike. Kuwa! Itana anthu akoke chingwe. Chitsime chotere sichikhuta ndi munthu mmodzi."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nyundo, tchizulo ndi kachidutswa ka kandulo kotalika ngati chala. "Ndikakumana zida, abwereka kwina," anatero. "Koma kanduloyi ndiye chida chachikulu. Mawa ndikaweruka kutchalitchi ndidzabwera ndilankhule nawo ndekha."

Magdalene anabwerera kwawo nyundo ili paphewa.

3. Lamulungu m'mawa

A Chapepa anamvetsera uthengawo akutsuka m'kamwa, ndipo ataumva analavula madzi n'kuseka.

"A Zuze akalamba, aiwala kuti chitsimechi anakumba ndani. Masiku atatu? Ine tsiku langa ndi Lamulungu lokha. Anthu onse akakhala kutchalitchi, ndani amve nyundo?"

Kunena zoona, bamboyu ankawerenga bwino nthawi. Mpingo wa m'deralo unkapempherera m'kalasi ya sukulu ina, nyumba zitatu zokha kuchokera kwawo, ndipo kwaya yake inkaimba mokweza moti ngakhale kugwa kwa mtengo sikukadamveka. Kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko, Chilobwe wa mbali imeneyo ankakhala wopanda makutu.

Kwaya itangoyamba, a Chapepa anachotsa miyala imene inapsinja malata aja n'kuwakokera pambali. Munatuluka fungo la tayala lopsa, koma utsi munalibe. Anasuzumira.

"Mwaona? Mwayera mbee."

Magdalene anatulutsa kandulo ija m'thumba la siketi. "Ababa, mphindi ziwiri zokha. Ndiyatse titsitse."

"Iwe, nthawi ikutha. Dzana ndinali momwemu, ndinafa?"

"Dzana munali musanawotche, ababa."

"Taonani mwanayu, amayi ake! Fomu 3 yomweyi wayamba kuphunzitsa bambo ake kukumba?"

Mayi ake, a Lucy, anali ataima pafupi ndi ndowa yokokera dothi. Nawonso nkhope inali yakugwa, koma zaka makumi awiri za banja zinawaphunzitsa kuti a Chapepa akanena anena. "Asiye bambo ako, Magi," anatero motsitsa.

Magdalene anagwada pafumbi pomwepo, misozi ili m'maso. "Chabwino, kanduloyo ayi. Koma chingwe chokha mangani m'khwapa. Ndapota nanu, ababa. Mukapanda kumanga ine sindigwira ndowa."

A Chapepa anam'yang'ana. Mwina anachita manyazi ndi misoziyo, mwina anangofuna kuti phokoso lithe. Anatenga chingwe chachikulu cha nayiloni, n'kuchizunguliza m'khwapa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Nsonga inayo anaimanga kumtengo wa mango.

"Wakondwa? Tsopano nawe umve langa. Kaya kugwe chiyani, pasapezeke woitana munthu pano. Chitsime ichi ndicho chimatisiyanitsa ndi opempha. Akachitseka ndi simenti, mudzamwa chiyani? Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anatsika pang'onopang'ono, akuponda timakwerero tokumbidwa m'mbali mwa chitsime, tchizulo ili m'lamba. Nyundo anaitsitsira m'ndowa. Chitsimecho chinali chakuya mamita asanu ndi anayi, ndipo atafika pansi ankangooneka malaya oyera okha.

Nyundo inalira. Kho! Kho! Kho!

"Wapsa bwino!" mawu awo anakwera ngati ochokera mumgolo. "Ukungoyoyoka ngati chigumu!"

Kho! Kho!

"Lucy! Mwala wang'ambika! Ndikuona..."

Anatsokomola kawiri. Nyundo inagwa pamwala. Kenako kunangoti zii, kwaya yokha ikumveka kusukulu kuja.

4. Wapansi wati zii

"Bambo a Magi?" a Lucy anaitana. "Bambo a Magi, yankhani!"

Magdalene anagona chafufumimba n'kusuzumira. Malaya oyera aja sanali oimirira. Anali atapindika pansi, mutu utatsamira khoma.

Mantha amene anam'gwira sanawamvepo chibadwire.  "Amama, chingwe! Kokani!"

Anakoka awiriwo. Chingwe chinakungika, chikucheka m'manja, koma a Chapepa anali munthu wonyamula matumba a simenti awiriawiri, thupi lawo silinali la masewera. Anawadzutsa pang'ono chabe, mapazi a awiriwo n'kuterereka pafumbi, chingwe n'kubwerera. Anayesanso kachiwiri. Manja a Magdalene anasupuka, koma pansi sipanasinthe kanthu.

A Lucy anasiya chingwe, n'kumanga chitenje cholimba m'chiuno. "Akomoka ndi kutentha. Nditsike ndikawathire madzi kumaso, adzuka. Palibe adziwe."

Mawu omwewo! Magdalene anamva ngati a Zuze ali kumbuyo kwake. Mayi ake anali atakhala kale m'mphepete, phazi limodzi likufunafuna kakwerero koyamba.

Anawalumphira n'kuwagwira m'chiuno, onse awiri n'kugwera chagada.

"Ndisiye! Mwana iwe wapenga? Bambo ako akufa!"

"Mukatsika mufa nonse, amama! Mpweya!"

"Ndisiye ndati!" A Lucy anam'menya khofi, n'kuyamba kukwawira kuchitsime. Magdalene anakulunga chitenje chawo kudzanja lamanzere n'kuchigwira zolimba. Kuthamangira kutchalitchi sakadatha, chifukwa akangowasiya, pobwera akadapeza awiri pansi. Kukhala chete sakadathanso. Lamulo la bambo ake linali lidakali m'makutu: pasapezeke woitana munthu.

Pafupi ndi bondo lake panali malata aja amene anabisa utsi, ndi fosholo pambali pake. Anatola fosholoyo ndi dzanja lamanja n'kumenya lata ndi mphamvu zake zonse.

Phwaa! Phwaa! Phwaa!

"Mayo ine! Thandizeni kuno! Munthu m'chitsime! Kwa a Chapepa! Munthu m'chitsime!"

Anakuwa mpaka kummero kunawawa, akumenyabe latalo. Agalu a m'nyumba zoyandikana anayamba kuuwa. Kusukulu kuja nyimbo inadukira pakati.

5. Chingwe chimodzi, manja ambiri

Chitseko cha mpanda sanachitsegule, anachigwetsa. Analowa anthu ovala za kutchalitchi, abambo a mataye, amayi a mabaibulo m'manja, anyamata a kwaya. Mmodzi wa anyamatawo, wamtali, atangosuzumira anavula jekete n'kuponda m'mphepete.

"Choka apo!" Anali a Zuze, akupuma mwabefu, ndodo yawo itapingasa pachifuwa cha mnyamatayo. "Aliyense wotsika ndim'thyola mwendo ndi ndodo iyi. Mwana wanga, chingwe chili m'khwapa?"

"Chili m'khwapa, agogo!"

"Takhuta!" a Zuze anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo. "Tiyeni! Amuna inu, gwirani. Wina aike mtengo pakamwapa chingwe chisadye dothi. Pang'onopang'ono, musam'gunditse mutu. Kokani!"

Anagwira abambo asanu ndi mmodzi, ndipo kumapeto kwa chingwe kunali mayi wamfupi wovala bulawuzi yoyera ya chigwirizano cha amayi, nsapato atazitaya. Anali mayi Fombe. Magdalene atawaona mtima unagwa, koma panalibe nthawi yoganiza za simenti.

Chingwe chinabwera dzanja ndi dzanja. Kunatulukira mutu wolendewera, kenako mapewa. Anawagwira malaya n'kuwakokera kunja, n'kuwagoneka pamthunzi wa mango. Maso anali otseka, thupi lili lolobodoka ngati thumba lopanda kanthu.

"Patukani, apeze mphepo!" anakalipa mayi Fombe. Anagwada, n'kumasula chingwe ndi mabatani, n'kuika khutu pamphuno pawo. "Akupuma, koma pang'ono. Agonekeni chammbali. Wina athamangire minibasi ya kuseriku, tsopano lino!"

Amayi ankakupiza ndi zitenje ndi mabuku a nyimbo. A Lucy ankangolira, atagwira phazi la amuna awo. Magdalene anawerenga kukwera ndi kutsika kwa chifuwa cha bambo ake, akuopa kuti akaphethira chileka. Patapita nthawi yomwe kwa iye inali ngati chaka, a Chapepa anakoka mpweya mwamphamvu, n'kutsokomola, n'kusanza.

Anthu anausa moyo onse pamodzi. Wina anayamba pemphero.

A Zuze sanapemphere nawo. Anatambasula dzanja kwa Magdalene. "Kandulo ija."

Anaiyatsa, n'kuimata ndi phula lake pansi pa ndowa, n'kuyamba kutsitsa. Anthu anaunjikana kusuzumira. Lawi linatsika likuwala bwinobwino, mita yoyamba, yachitatu, yachisanu. Kenako linafupika, n'kufiira, n'kuzima lokha popanda kamphepo kalikonse.

"Mwaona nonse?" anatero a Zuze. "Sinafike n'komwe pamene panali mutu wake. Iwe wa jekete, ukadakhala pamenepo. Mayi awa akadakhala pamenepo. Nonse amene mukukumba mobisa m'mipanda mwanu, ndipo ndikukudziwani, pitani mukaganize. Mawu a akulu akoma akagonera, koma m'chitsime sagonera, amakoma tsiku lomwelo pamaliro."

Abambo angapo anayang'ana pansi.

6. Buluku lonyowa

Minibasi inabwerera chambuyo mpaka pampanda. Pamene ankawanyamula, a Chapepa anatsegula maso. Anayang'ana mpanda wogwa, khamu la anthu, ndi bulawuzi yoyera ya mayi Fombe. Milomo yawo inagwedera, ndipo Magdalene anawerama kuti amve.

"Waitana anthu ndani?"

A Lucy anafuna kuyankha, koma Magdalene anawatsogolera. "Ndine, ababa."

Bambo ake anam'yang'ana. "Ndinawapeza," ananong'ona. "Madzi ndinawapeza, mwana iwe. Wawapereka."

Anatembenuzira nkhope kumbali. Chitseko cha minibasi chinatsekedwa, a Lucy ali momwemo, galimoto n'kunyamuka kupita kuchipatala.

Apa m'pamene Magdalene anakumbukira chimene maso ake anaona koma mutu sunachilandire: buluku la bambo ake linali lonyowa mpaka m'mawondo. Anatola kamwala n'kukaponya m'chitsime. Panapita kanthawi, kenako pansi panamveka kuti chubwi.

Mayi Fombe anamva nawo. Anaima pambali pake akupukuta manja osupuka ndi chingwe, ndipo anayang'ana chitsime, n'kuyang'ana chimbudzi cha nyumba yoyandikana nayo chimene chinali kuseri kwa mpanda, mapazi khumi okha kuchokera pamenepo.

"Mwana wanga, lero wapulumutsa anthu awiri, mwina atatu," anatero. "Zimenezo ndidzazinena kulikonse. Koma sindikunamiza, lamulo lija silinasinthe. Madzi awa palibe amwe mpaka ayezedwe. Akatswiri aja akubwera Lachiwiri, ndipo komiti idzakhala pansi pa nkhani ya chitsime chino. Bambo ako adzakhala asanatuluke m'chipatala, mayi ako ali nawo komweko. Wolankhulira nyumba ino ndiwe."

"Ine? Ndidzanena chiyani, amayi?"

"Zoona zokhazokha. Adzakufunsa amene anakumba, ndi amene anabwereketsa zida."

Magdalene anacheuka. A Zuze anali atakhala pamwala, maso ali pachitsime mmene munatsalira nyundo yawo, osayang'ana munthu.

Abambo anayala mitengo pakamwa pa chitsime motalikirana, kuti mwana asagweremo koma mpweya uzituluka. Malata aja a Zuze anakana kuti abwererepo. Anthu anabalalika awiriawiri akunong'onezana, ndipo pakhomo panatsala Magdalene yekha, tsaya likuyaka ndi khofi lija.

Bambo ake anali moyo. Anadziuza zimenezi kangapo, ndipo nthawi iliyonse ankaonanso nkhope ija ikutembenukira kumbali. Anachita mantha ndi Lachiwiri, koma anaopa kwambiri tsiku limene bamboyo adzatuluke m'chipatala.

Kuchipatalako kunkafunika phala ndi madzi, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale dontho. Magdalene analowa kukhitchini n'kutulutsa chigubu chachikasu chimene mayi ake ankasungiramo nyemba. Anakhuthula nyembazo m'lichero, n'kudutsa pafupi ndi chitsime chimene madzi ake ankakwera mwakachetechete, n'kutuluka pampanda wogwa uja.

Pakiyosiki mzere unali utafika kumsewu. Amayi onse anasiya kulankhula atamuona. Iye anapita kumapeto n'kuika chigubu chake pansi, kumbuyo kwa zigubu makumi anayi ndi ziwiri.